Bahíyyih Khánum, Mayi Amene Sanataye Mtima



Sabata ino, tisanapitirize ndi buku lathu, tiyeni tiwerenge pamodzi mbiri ya munthu mmodzi. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Kuyambira pamene namondwe wa Freddy anawomba kuno ku Mulanje mu Malichi 2023, palibe pakati pathu amene sanakhudzidwe. Ena nyumba zinagwa, ena minda inakwiririka ndi mchenga ndi miyala, ena anataya abale, ndipo alipo mabanja m'boma lathu lino amene mpaka lero sanaone mtembo wa wokondedwa wawo. Pamwamba pa izo pali maliro a masiku onse obwera ndi matenda, ngozi ndi ukalamba. Tikakumana pano pa Milonde timawerenga za chimwemwe ndi za kutumikira anzathu, koma ena a ife timabwerera kunyumba ndi funso limene sitilinena mokweza. Kodi munthu amene wataya zambiri chotere angadzukenso bwanji m'mawa n'kugwira ntchito ndi mtima wonse?

Munthu amene tiwerenge mbiri yake ndi Bahíyyih Khánum, mwana wamkazi wa Bahá'u'lláh. Atate awo anawapatsa dzina laulemu limene m'Chichewa tinganene kuti Tsamba Loyera Koposa, chifukwa m'banja limenelo ana aamuna ankatchedwa nthambi ndipo aakazi ankatchedwa masamba. Anthu a m'nyumba ankangowaitana kuti Khánum, kutanthauza mayi wolemekezeka. Ifenso tiwatchula choncho.

Ubwana wa ku Tehran

Khánum anabadwa m'chaka cha 1846 mumzinda wa Tehran, m'dziko la Persia limene lero timati Iran. Mayi awo anali Ásíyih Khánum, odziwikanso kuti Navváb. Achimwene awo aakulu, 'Abdu'l-Bahá, anabadwa mu 1844, ndipo mlongo wawo wamng'ono, Mírzá Mihdí, anabadwa mu 1848. Banjali linali lolemera ndi lolemekezeka, la nyumba yaikulu ndi antchito ambiri.

Zonsezi zinatha m'masiku ochepa. Mu Ogasiti 1852 anyamata ena otsatira Báb, amene anasokonezeka maganizo chifukwa cha kuphedwa kwa Báb mu 1850, anayesa kupha mfumu ya dzikolo. Bahá'u'lláh sanatengepo mbali, koma anagwidwa n'kuponyedwa m'ndende yapansi pa nthaka yotchedwa Síyáh-Chál, kutanthauza Dzenje Lakuda, kumene anakhala miyezi inayi ali ndi unyolo wolemera m'khosi. Anthu anathyola nyumba n'kulanda katundu. Antchito anathawa, ndipo abale ambiri anachita mantha kuyandikira. Navváb anathawira ndi ana atatu m'kanyumba kakang'ono ka lendi, akuthandizidwa ndi Mírzá Músá, bambo aang'ono a anawo. Kuti apeze chakudya ankagulitsa zinthu zochepa zaukwati wawo zimene zinatsala.

Khánum anali ndi zaka 6. Tsiku ndi tsiku akaidi ena ankatulutsidwa m'ndendemo kukaphedwa, ndipo phokoso la ng'oma ndi la khamu la anthu linkamveka mpaka kukanyumbako. Mayi akapita kukafufuza ngati Bahá'u'lláh akadali moyo, kamtsikanaka kankatsala mumdima katakumbatira Mihdí, osadziwa ngati amene akuphedwayo ndi atate ake kapena wina. Ntchito yoyamba imene tikuidziwa pa moyo wawo ndi imeneyi, mwana wamantha akutonthoza mwana mnzake wamantha.

Chitsime cha ku Baghdad

Bahá'u'lláh atatulutsidwa analamulidwa kuchoka m'dzikolo. Pa 12 Januwale 1853 banjali linanyamuka ulendo wa ku Baghdad, mzinda umene lero uli m'dziko la Iraq. Anayenda miyezi itatu m'nyengo yozizira koopsa, akudutsa mapiri okutidwa ndi chipale, opanda zofunda zokwanira. Mihdí anali wamng'ono ndi wofooka, kotero anamusiya kwa abale ku Tehran, ndipo panapita zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri asanaonanenso. Khánum sanadzapondenso dziko la kwawo.

Ku Baghdad kunali umphawi. Mu 1854 Bahá'u'lláh anachoka kupita kumapiri a Kurdistan, pofuna kuti asakhale gwero la mikangano imene ena ankautsa pakati pa okhulupirira, ndipo kwa zaka ziwiri banja silinkadziwa kumene ali. M'nyumbamo munkakhala Mírzá Yahyá, m'bale wa Bahá'u'lláh wa mayi ena, munthu wamantha amene ankafuna kuti zitseko zikhale zotseka nthawi zonse kuopa kuti angadziwike. Khánum, ali ndi zaka 8, ndiye ankatunga madzi m'chitsime chakuya ndi chingwe chokhakhala ndi ndowa yolemera. Amayi ndi atsikana a m'gulu lathu akudziwa mmene chingwe chotere chimasupulira manja.

M'nthawi yomweyo kamlongo kawo kakhanda, kamene kanabadwa atangofika ku Baghdad, kanadwala kwambiri. Mírzá Yahyá anakana kuti dokotala kapena mnansi alowe m'nyumba. Mwanayo anamwalira. Mtembo wake unaperekedwa kwa munthu wachilendo amene anapita nawo, ndipo banjali silinadziwe kumene unaikidwa. Khánum ankaikumbukirabe nkhani imeneyi atakalamba. Abwenzi amene abale anu anapita ndi madzi osapezekanso, dziwani kuti ululu wosowa manda opitako kukalira unalowanso m'nyumba ya Bahá'u'lláh.

Ulendo wa kundende

Mu 1863, Bahá'u'lláh atalengeza uthenga Wake m'munda wa Ridván, boma la Ottoman, limene linkalamulira madera onsewo, linawasamutsira ku Constantinople, mzinda umene lero ndi Istanbul. Atakhala miyezi inayi anawathamangitsanso mu Disembala, m'chisanu choopsa, kupita ku Adrianople, kumene lero ndi Edirne. Kumeneko Mírzá Yahyá anathira Bahá'u'lláh chiphe, ndipo ngakhale anachira, dzanja Lawo linkanjenjemera mpaka kumapeto kwa moyo. M'zaka za utsikana wawo Khánum anasankha kusakwatiwa, kuti apereke moyo wawo wonse potumikira atate awo ndi Chipembedzo.

Pa 31 Ogasiti 1868 anafika ku 'Akká, mzinda wa mpanda m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kumene boma linkatayako zigawenga. Anali anthu pafupifupi 70, amuna, akazi ndi ana, ndipo onse anatsekeredwa m'nyumba ya asilikali. Madzi anali oipa, buledi anali wakuda ndi wamchere. Pafupifupi onse anadwala malungo ndi kamwazi, ndipo atatu anamwalira. Khánum anali ndi zaka pafupifupi 22. Iwo ndi achimwene awo 'Abdu'l-Bahá ndi ena ochepa amene anali ndi mphamvu ankasamalira odwalawo.

Okhulupirira ena ankayenda pansi miyezi ingapo kuchokera ku Persia kuti adzaone Bahá'u'lláh, koma ankakanizidwa kulowa. Ankangoima kutali kunja kwa mpanda n'kuyang'ana pawindo la ndende. Madzulo ena mu Juni 1870, Mírzá Mihdí ankayendayenda padenga la ndendeyo akupemphera monga mwa chizolowezi chake. Mtima wonse uli pa pemphero, anagwera pachiboo cholowetsa kuwala n'kumenyetseka pabokosi lamatabwa pansi. Anamwalira tsiku lotsatira, pa 23 Juni, ali ndi zaka 22. Asanamwalire anapempha kuti moyo wake ulandiridwe ngati nsembe, kuti alendo aja aloledwe kufika kwa atate ake. Uyu ndi yemwe uja Khánum anamukumbatira mumdima ku Tehran. Anatola zovala zake zamagazi n'kuzisunga. Patapita miyezi inayi akaidiwo anatulutsidwa m'nyumba ya asilikali n'kuyamba kukhala m'nyumba za mumzinda, ngakhale anali akadali akaidi.

Maliro otsatizana

Moyo wa ku 'Akká unali wa m'tizipinda topanikiza ndi alendo osatha. Khánum ndi mayi awo ankaphika, kuchapa, kusoka zigamba ndi kulandira akazi obwera kudzacheza. 'Abdu'l-Bahá anakwatira Munírih Khánum mu 1873, ndipo mwa ana awo asanu ndi anayi, asanu anamwalira ali aang'ono. Azakhali awo analipo pa matenda ndi pa maliro a ana amenewa.

Mu 1886 mayi awo, Navváb, anamwalira. Chaka chotsatira anamwalira bambo aang'ono aja, Mírzá Músá. Pa 29 Meyi 1892 Bahá'u'lláh anamwalira ku Bahjí, kunja kwa mzinda wa 'Akká. Chisoni chinawadwalitsa Khánum. Anaonda ndi kufooka kwambiri moti achimwene awo anawatumiza ku Egypt kwa kanthawi kuti akapezeko mphamvu.

Maliro amenewa anabweretsanso chinthu chimene ambiri a ife tinachionapo, kugawanika kwa banja mwini nyumba akangoikidwa m'manda. Bahá'u'lláh analemba momveka kuti onse atembenukire kwa 'Abdu'l-Bahá. Koma Mírzá Muhammad-'Alí, mlongo wawo wa mayi ena, anaukira Pangano limeneli ndipo abale ambiri anamutsatira. Ananeneza 'Abdu'l-Bahá kuboma mpaka ukaidi unakhwimitsidwanso mu 1901. Anthu amene Khánum anakula nawo ndi kudya nawo mbale imodzi anasanduka adani. Iwo anaima ndi achimwene awo osagwedezeka, komabe amene ankakhala nawo anachitira umboni kuti sankasunga mangawa ndipo sankabwezera mawu oipa.

Achimwene awo ankawakhulupirira kwambiri. Mu 1899 mtembo wa Báb, umene unabisidwa m'malo osiyanasiyana kwa zaka pafupifupi 50, unafika ku 'Akká mwachinsinsi, ndipo kwa kanthawi unasungidwa m'chipinda cha Khánum. Unadzaikidwa pa phiri la Carmel mu Malichi 1909. Chaka cha 1908 boma la Ottoman litasintha, akaidi a zachipembedzo ndi a zandale anamasulidwa. Khánum analowa mu 'Akká ali mtsikana ndipo anamasulidwa patatha zaka 40. Pamene 'Abdu'l-Bahá anapita ku Egypt, ku Ulaya ndi ku America pakati pa 1910 ndi 1913, nyumba, alendo ndi zambiri za Chipembedzo m'Dziko Loyera anazisiya m'manja mwa mlongo wawo.

Nthawi ya njala

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, zombo zinaleka kufika ku Haifa ndi ku 'Akká. Mu 1915 dzombe linadya mbewu, ndipo anthu ambiri m'maderawo anafa ndi njala. Okhulupirira anasamutsidwira kwa kanthawi kumudzi wa Abú-Sinán poopa mabomba. 'Abdu'l-Bahá anali atakonzeratu kuti okhulupirira alime ndi kusunga tirigu kuminda ya kufupi ndi mtsinje wa Jordan, ndipo tiriguyo anadyetsa anthu a zipembedzo zonse. Khánum anali akuyandikira zaka 70. Pakhomo pawo pankadzaza amayi, ana ndi okalamba, ndipo iwo ankagawa chakudya, zovala, ndalama ndi mankhwala amene ankakonza okha. Munthu amene analawapo njala ali ndi zaka 6 ankadziwa mmene angapatsire wanjala popanda kumuchititsa manyazi.

Katundu wolemera pa zaka 75

Pa 28 Novembala 1921 'Abdu'l-Bahá anamwalira ku Haifa. Uyu ndiye anali wotsala yekha wa abale awo a bere limodzi. Khánum anali ndi zaka 75, msinkhu umene kwathu kuno gogo amangokhala pamphasa ana n'kumamutumikira. Koma panalibe wina wogwira nyumba. Iwo ndiwo anatumiza mauthenga a telegalamu kwa okhulupirira a m'mayiko osiyanasiyana, ndiwo anaonetsetsa kuti alendo amaliro alandiridwa, ndiponso ndiwo analengeza kuti 'Abdu'l-Bahá anasankha mdzukulu wawo, Shoghi Effendi, kukhala Mtetezi wa Chipembedzo.

Shoghi Effendi anali mnyamata wa zaka 24 amene ankaphunzira ku Oxford, ku England. Imfa ya agogo ake ndi kukula kwa udindo zinamufooketsa kwambiri. Mu Januwale 1922 ophwanya Pangano analanda makiyi a manda a Bahá'u'lláh, ndipo nkhaniyo inakhala m'manja mwa boma kwa chaka chathunthu makiyiwo asanabwezedwe. Mu Epulo 1922 Shoghi Effendi anapita kumapiri a ku Switzerland kuti akapeze mphamvu, ndipo analemba kuti zonse za Chipembedzo zikhale pansi pa utsogoleri wa Khánum kufikira atabwerera. Anabwerera mu Disembala, ndipo anachokanso kwa miyezi ingapo mu 1923 ndi mu 1924. M'nthawi zonsezi mayi wokalambayu, amene sanapiteko kusukulu monga timazidziwira ife, ankatumiza makalata kwa okhulupirira a kum'mawa ndi a kumadzulo, akuwalimbitsa mtima ndi kuwalozera kwa Mtetezi. Sanamudzudzule mnyamatayo chifukwa chofooka. Anamusungira malo ake mpaka atachira.

Khánum anamwalira ku Haifa pa 15 Julayi 1932. Shoghi Effendi anapempha okhulupirira a dziko lonse kuti alire miyezi isanu ndi inayi. Anaikidwa pa phiri la Carmel, ndipo mu Disembala 1939 Shoghi Effendi anasamutsa mitembo ya Navváb ndi Mírzá Mihdí kuchokera ku 'Akká n'kuiika pafupi nawo. Lero likulu la Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse linamangidwa chakumtunda kwa manda amenewa. Manda a kamwana kaja ka ku Baghdad sanapezeke.

Zimene tikuonapo

Choyamba, Khánum ankalira. Anadwala ndi chisoni, anasunga zovala za mlongo wawo, ndipo anakumbukira khanda lija moyo wawo wonse. Choncho tisamauze mnzathu woferedwa kuti misozi yake ikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Akulu anati maliro n'kulirana. Wolira timulole alire, ife tikhale naye pafupi.

Chachiwiri, tikayang'ana tsoka lililonse limene linawagwera, tipeza kuti pambali pake panali munthu wofunika thandizo, ndipo iwo anatembenukira kwa munthuyo. Ku Tehran anali Mihdí, ku Baghdad anali mayi awo ofuna madzi, m'ndende anali odwala, m'nkhondo anali anjala, ndipo pamapeto anali mdzukulu wosweka mtima. Sanadikire kuti chisoni chithe kaye. Ankagwira ntchito yomwe ili pafupi chisonicho chili mumtima, ndipo ntchitoyo ndi imene inkawafikitsa ku tsiku lotsatira. Zambiri zimene anachita zinali zazing'ono, monga kutunga madzi, kuphika, kusoka ndi kulemba kalata. Zoterezi ngakhale ife pano tingazithe.

Chachitatu, sanalole kuti mkwiyo uwonjezere pa katundu wawo. Anthu amene anawalakwira anali a magazi amodzi, ndipo zolakwazo zinali zenizeni. Anakana kutsatira njira yawo, koma sanawononge masiku awo ndi kubwezera. Ife amene takanganapo za munda kapena malata a womwalira tiganizepo bwino.

Chachinayi, chiyembekezo chawo chinali ndi muzu. M'gawo lomaliza la buku loyamba la Ruhi timaphunzira kuti mzimu suthera m'manda, ndiponso kuti moyo uno uli ngati nthawi imene mwana amakhala m'mimba akukonzekera dziko limene sanalione. Timaphunziranso kuti mapemphero athu ndi ntchito zabwino zochitidwa m'dzina la omwalira zimawathandiza kupita patsogolo. Khánum anamva ziphunzitso zimenezi kuchokera kwa atate awo enieni, ndipo anaziyesa pa maliro ochuluka kuposa amene ambiri a ife tidzaone. Munthu amene sadziwa kumene m'bale wake anagona angathe kumupempherera, ndipo pempherolo silifuna manda kuti lifike.

M'gulu lathu muli malo amene akhala opanda munthu kwa miyezi ingapo, chifukwa eni ake anaferedwa kapena akulimbana ndi kumanganso. Tisadikire kuti abwere okha. Tisanabalalike lero tigwirizane kuti ndani apita kwa ndani, tsiku liti, ndipo atenga chiyani, kaya ndi khasu, mtolo wa nkhuni, kambale ka ufa kapena buku la mapemphero.

Mafunso okambirana

1. Pa mavuto onse amene Khánum anakumana nawo, ndi liti limene likufanana ndi zimene taona m'mudzi mwathu?

2. Kodi kulira ndi kukhala ndi chiyembekezo zingakhale mwa munthu mmodzi nthawi imodzi? Tikuona chiyani pa moyo wawo?

3. Khánum anamuchitira chiyani Shoghi Effendi pamene anafooka? Nanga ife timatani mnzathu akalephera udindo wake chifukwa cha chisoni?

4. Ndi mawu ati amene timakonda kunena pamaliro amene amapweteka woferedwa m'malo momutonthoza?

5. Ndi ntchito iti yaing'ono imene aliyense wa ife angachite sabata ino m'dzina la wokondedwa wake amene anatisiya?